Danga Lobisala Kumanja kwa Sikirini

Pa esiteti ya tiyi pomwe ndinagwira ukalaliki, munthu wodziwa kulankhula ndi zenera lakuda la pa kompyuta ndinali ine ndekha, ndipo sindinkabisa. Anzanga mu ofesi ankadina mabatani a pulogalamu yomwe kampani inagula, n'kudikira lipoti mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Ine ndinkatsegula zenera langa lopanda chithunzi ngakhale chimodzi, n'kulemba funso molunjika kwa databesi. Databesiyo ndi nkhokwe momwe munkasungidwa zonse za antchito: dzina, nambala, gulu lomwe munthu amathyola nalo, nyumba ya kampani yomwe akukhalamo, ndi masiku omwe dengu lake lafika pa sikelo. Ukaifunsa bwino imayankha usanaphethire.

Anandiphunzitsa ndi bambo wina wa ku Limbe yemwe anabwera kudzaika makinawo. Anakhala nafe masiku atatu okha. Anzanga ataona zilembo zoyera pa mdima anati zimenezo n'za ana a m'tauni, n'kubwerera ku mafayilo awo. Ine ndinakoka mpando n'kukhala pambali pake ndi kope. Ndinabadwira mu kompaundi ya esiteti yomweyo, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo mayi anga anathyola tiyi mpaka zala zawo zinada n'kuuma. Mtsikana wokulira mmenemo akapeza mpando mu ofesi saulola kuzizira.

Zenera lakudalo limayankha mwa tebulo. Limajambula lokha ndi timizere togona ndi toimirira, munthu aliyense mzere wake, nkhani iliyonse danga lake. Vuto limabwera madanga akachuluka. Sikirini yanga inali yaing'ono, ndipo mzere ukatalika kuiposa unkapindika n'kugwera pansi. Dzina la uyu linkapezeka pamwamba pa nyumba ya uja, manambala ali balalabalala ngati chimanga chotayika pamsewu. Ndinkadana nazo zimenezo. Ine ndi munthu woti ngakhale zovala pa chingwe ndimayanika motsata kukula kwake.

Nditadandaula, bambo wa ku Limbe uja anandionetsa njira ziwiri. Yoyamba inali kulamula kuti mizere isamapindike. Imakhala yowongoka bwinobwino, ndipo zomwe sizinakwane pa sikirini zimatsalira kuseri kwa malire akumanja. Sizifufutika ayi, zimangodikira kuti udine batani la muvi woloza kumanja, tebulo lisunthe, uzione. Njira yachiwiri inali kulemba kamzere kopendekera kumbuyo ndi chilembo cha x. Ukatero tebulo limatha, munthu aliyense amabwera payekha ataimirira, nkhani zake zikutsika m'munsi imodzi pansi pa inzake.

"Yachiwiriyi ndi yabwino mukafuna kumudziwa munthu mmodzi," anatero.

Ndinasankha yoyamba, ndipo ndinaisunga kuti m'mawa uliwonse ndikatsegula ndiziipeza ili choncho. Yachiwiriyo ndinainyoza. Anthu khumi okha ankadzadza mapepala ngati ulaliki wa pa maliro, ndipo ine ndinkafuna zooneka bwino pa tsamba limodzi.

Zaka zinapita, ndipo matebulo anga anatchuka. Akapitawo, omwe ndi oyang'anira magulu a othyola, ankabwera ndi mafunso awo n'kutuluka ndi pepala loyera, lowongoka. Pofunsa ndinkakonda kuika kanyenyezi, komwe kamatanthauza kuti ndipatse zonse zomwe uli nazo za munthuyu. Databesi inkandipatsadi zonse. Koma zomwe ndinkazifuna tsiku ndi tsiku zinali kumanzere, ndipo diso langa linazolowera kuima pomwe sikirini yathera. Danga lomaliza kumanja kwenikweni linali la ndemanga. Munali zomwe oika makinawo anakopera kuchokera m'mabuku a chikuto cholimba a kalaliki wakale, yemwe anapuma ine ndisanalowe. Kwa anthu ambiri dangalo linali lopanda kanthu, choncho batani la muvi lija ndinasiya kulidina.

Chaka china tinalandira manejala watsopano. Anali bambo wachinyamata, waukhondo, wosakonda kukalipa, koma wofuna kuti chilichonse chikhale ndi pepala lake. Inali nyengo yotentha, mvula ili pafupi. Mvula ikagwa tiyi amaphuka ngati wapenga, ndipo manja amafunika akhale pafupi ndi munda. Nyumba za mu kompaundi zinali zochepa, mabanja odikira ali ambiri. Tsiku lina m'mawa a manejala anaima pa desiki yanga.

"Mundipezere anthu khumi ndi awiri omwe ali m'nyumba za kampani koma ndi amene amajomba kwambiri. Nyumba zimenezo tipatse anthu ogwira ntchito. Ndizifuna pofika mawa."

"Mawa n'kutali, bwana," ndinatero.

Kujomba kunkawerengedwa mophweka. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, tsiku lomwe nambala ya munthu sinaoneke pa sikelo linkalembedwa kuti sanabwere. Ndinalemba funso langa, kanyenyezi kali pamalo pake, ndipo tebulo linabwera lowongoka ngati mizere ya tiyi wodulira kumene. Ndinakoka mausi pa zomwe zinkaoneka pa sikirini, n'kuzimata pa pepala la kampani, n'kupulinta. A manejala anali asanafike n'komwe pa chitseko cha ofesi yawo.

Analiyang'ana pepalalo n'kugwedeza mutu. "Inu mukungotaya nthawi kuno. Mukanakhala ku Blantyre."

Tsiku limenelo ndinapita kunyumba mapewa ali m'mwamba. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Wina angafunse kuti kodi mayinawo sindinawazindikire, poti ndinakulira momwemo. Mu kompaundi palibe amene amaitanidwa ndi dzina la pa chitupa. Munthu amadziwika ndi dzina la mwana wake woyamba kapena la mfunda wake, ndipo ukhoza kudya naye zaka makumi awiri osadziwa chomwe kampani inamulemba. Koma ndinene zoona zonse: mayinawo sindinawawerenge n'komwe. Ndinkayang'ana ngati madanga awongoka.

Makalata anatuluka, akapitawo n'kuwagawa. Aliyense wa anthu khumi ndi awiriwo anapatsidwa milungu iwiri kuti atuluke m'nyumba.

Lachisanu la mlungu wachiwiri, dzuwa litapendeka, ndinamva odi pakhomo la ofesi. Anali mayi wina wachikulire yemwe ankathyola mzere woyandikana ndi wa mayi anga kwa zaka zambiri. Ndili mwana, mayi anga atagonekedwa m'chipatala, ndi mayiwa amene ankandisambitsa ndi kundipesa. Tsopano anali wamasiye, akulera zidzukulu zitatu zomwe mwana wawo wamkazi anasiya. Anavula masilipasi pakhomo ngati akulowa m'tchalitchi, kalata ili m'manja, yopindidwa kanayi.

"Lowani, mayi. Masilipasiwo valani, pansi pano mpa simenti wamba."

Sanavale. Anakhala m'mphepete mwa mpando.

"A kalaliki, ine sindinabwere kudzadandaula ayi," anatero ndi kalankhulidwe kawo kokoka Chilomwe. "A kapitawo anandiuza kale kuti za mu kompyuta sizibwerera. Ndangobwera kuti mundilembe kuti mawa ndibwera ku ntchito."

"Mawa? Mawa si Loweruka?"

Kompaundi yonse inkadziwa kuti mayiwa ndi a Sabata. Dzuwa likalowa Lachisanu ntchito zawo zonse zinkaima mpaka litalowanso Loweruka. Chibadwire changa sindinawaonepo atagwira tsamba la tiyi tsiku limenelo, ngakhale m'nyengo ya mvula pomwe akapitawo amachita kupempha ndi mawondo.

"Loweruka lomwelo," anayankha. "Mwina bwana akaona kuti ndayamba kubwera andisiyira nyumba. Kwathu ku Kapichi munda anagawana kalekale, kotsala n'kongokwana manda. Ana aja ndilibe kowapititsa. Mulungu andimvetsa, kaya."

Apo m'pamene ndinadziwa kuti dzina lawo linali pa pepala langa lija. Mtima unandiwawa, komabe ndinali ndisanadzikayikire. Ndinatembenuza sikirini kuti nawonso aziona, ngakhale sankawerenga Chingerezi.

"Kompyuta sinama, mayi. Tiyeni tione chomwe ikunena. Nambala yanu?"

Anaitchula pamtima. Mzere wawo unabwera umodzi, wowongoka. Dzina, gulu, nyumba, ndipo pa danga la kujomba panali masiku opitirira makumi anayi.

"Apa pakuoneka masiku ambiri ndithu," ndinatero.

"Amenewo ndi ma Loweruka. Nanga si Lamlungu ndimakathirira mbande ku nazale? Ndi mmene tinagwirizanirana ndi bwana wakale uja. A kalaliki akale analemba ine ndikuona ndi maso angawa."

Ku nazale kulibe sikelo. Munthu amathirira mbande tsiku lonse, nambala yake osaoneka paliponse.

"Analemba pati?" ndinafunsa, koma ndisanamalize funsolo zala zanga zinali zitadziwa kale. Ndinalemba kamzere kopendekera kaja ndi x, chinthu chomwe ndinali ndisanachite kwa zaka, n'kufunsanso funso lomwelo.

Mayiwo anabwera pa sikirini ataimirira, nkhani zawo zikutsika imodzi imodzi. Dzina. Nambala. Gulu. Nyumba. Chaka chomwe analowa ntchito, ine ndili m'kalasi yoyamba. Masiku ojomba. Ndipo pansi penipeni, pa ndemanga, panali mawu a kalaliki wakale, onena kuti mayiwa amapembedza Loweruka, amabwezera tsikulo Lamlungu ku nazale, ndipo a manejala anavomereza.

Ndinawerenga kawiri. Databesi inandipatsa zonse monga ndinapemphera, ndipo mawu amenewa analipo tsiku lija ndinkakoka mausi, atangotsalira kuseri kwa malire a sikirini. Kudina batani limodzi kukanakwana. Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo, ndipo pamwamba pa manyaziwo panabwera mkwiyo, wosowa woukwiyira kupatula ine mwini.

"Mwapeza kanthu?" anafunsa.

"Ndapeza, mayi. Zinalembedwa, ndipo zakhala zilipo nthawi yonseyi. Amene sindinazione ndine."

Sanandidzudzule. Anayang'ana pawindo kuona pomwe dzuwa lafika, chifukwa ankayenera kukaphika ndi kutunga madzi lisanalowe.

"Ndiye mawa ndibwere kapena ndisabwere?"

Ndinkafunitsitsa kunena kuti asabwere, koma kalatayo anasayina ndi a manejala, osati ine. Ndinawauza kuti ndikukaonana nawo pompo. Iwo anaimirira, napinda kalata yawo n'kuimanga pa nsonga ya chitenje.

"Ndikapanda kumva kanthu, mundiona pa sikelo," anatero, n'kukavala masilipasi awo panja.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapulinta mayiwo monga anaonekera, ataimirira, tsamba lathunthu la munthu mmodzi, n'kuthamangira ku ofesi ya a manejala. Munalibe. Ndinawapeza ku fakitale, pomwe mathirakitala amatsitsira masamba, mwendo umodzi uli kale m'galimoto, akupita ku Bvumbwe. Ndinawapatsa pepalalo ndili wefuwefu, n'kufotokoza zonse mosazungulira.

"Mndandanda uja munandipatsa ndinu," anatero.

"Ndine, bwana."

"Ndipo munati mawa n'kutali."

"Ndinatero."

"Nyumba imeneyo ndalonjeza kale banja lina. Akulowa Lolemba. Mukufuna ndizioneka ngati munthu wosadziwa chomwe akusayina?"

Pamenepo ukali wa mayi anga unandikwera. "Bwana, cholakwa n'changa, ndipo ngati mukufuna kundilembera kalata ya woningi lembani, ndisayina pompano pa boneti. Koma mayiwa sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Mbande zomwe mukukadzala mvula ikagwa anathirira ndi iwowa, Lamlungu, inu ndi ine tili kutchalitchi. Mawa akubwera kudzathyola pa tsiku lawo lopembedza chifukwa cha pepala langa ndi siginecha yanu. Ine zimenezo sindingazione n'kukhala chete."

Anyamata otsitsa masamba anasiya ntchito n'kumatiyang'ana. A manejala anawerenga pepalalo kuchokera pamwamba mpaka pansi, pang'onopang'ono, monga ine ndikanayenera kuchitira.

"Izi n'zolemba zakale," anatero potsiriza. "Ndifunse kaye a kapitawo a ku nazale ngati zikuchitikabe. Mumva kwa ine."

Galimoto inanyamuka, ine n'kutsala ndi fumbi.

Foni inalira m'mawa wa Loweruka, kunja kukuyera kumene. "A ku nazale atsimikiza," anatero a manejala. "Akuti mayiwo ndi amene amafika woyamba. Kalata yawo ing'ambeni. Woningi yanu muipeza pa desiki Lolemba."

"Zikomo, bwana. Ndiisayina ndi cholembera changa chomwe."

Mayiwo analibe foni. Ndinadzera njira yachidule ya m'kati mwa tiyi, mame akunyowetsa siketi mpaka m'chiuno, ndikudutsa anthu omwe anali atayamba kale kutsikira ku minda ndi madengu awo. Ena ankandiseka kuti a kalaliki lero aganiza zothyola. Ine ndinangopitirira.

Ndinawapeza ali pakhomo, dengu lili kumsana, pulasitiki yotchinga mame atamanga kale m'chiuno. Zidzukulu zinali zitakhala pa khonde, zitavala za kutchalitchi, zili duu. Pa mpando m'nyumbamo panali duku loyera lopindidwa bwino ndi buku la nyimbo pamwamba pake.

"Tulani dengu, mayi. Nyumba ndi yanu. Bwana avomera."

Sanalulute ayi. Anavula zingwe za dengu phewa limodzi kenako linzake, n'kulivundikira pa khonde. Anamasula pulasitiki ija, naipinda, n'kukhala pansi. Atalankhula, sanandiitanenso kuti a kalaliki.

"Iwe mwana wa mnzanga, pa pepala lako lija tinalipo angati?"

"Khumi ndi awiri."

"Enawo wawaimiritsa ngati unandiimiritsira ine dzulo?"

Ndinali ndisanatero. Kuyambira dzulo lakelo ndinali nditaganizira za iwo okha, chifukwa ndi amene anandipesa ndili mwana, ndiponso ndi amene anabwera pakhomo.

Iwo anapita kutchalitchi, ine ndinapita ku ofesi ndi siketi yonyowa yomweyo. Ndinatsegula zenera lakuda n'kuitana anthu khumi ndi mmodzi otsalawo, aliyense payekha, ataimirira. Ndinawerenga aliyense mpaka pansi. Kwa anthu khumi danga la ndemanga linali lopanda kanthu, ndipo kujomba kwawo kunali kujomba ndithu. Wa khumi ndi mmodzi anali bambo wina wachikulire. Ndemanga yake inkati anavulala msana, ndipo masiku ena pa mlungu amalondera mitengo ya bulugamu m'malo mothyola. Ku mitengo nakonso kulibe sikelo.

Lolemba ndinasayina woningi yanga, kenako ndinachotsa lamulo lija loti mizere isamapindike. Matebulo anga anayambanso kuoneka balalabalala, ndipo anzanga anasangalala kupeza chondiseka. Ndinawasiya aseke. Kuyambira pamenepo, pepala lililonse lokhudza nyumba kapena ntchito ya munthu linkatuluka munthuyo ataimirira, tsamba lake lake, ndipo a manejala akadandaula za mapepala ndinkangowayang'ana. Pa esiteti ija panalibebe wondiposa pa zenera lakuda, ndipo ndinakhala pa mpando umenewo zaka zina zambiri.

Koma bambo wa ku mitengo uja sindinamupeze. Loweruka lomwelo, nditangowerenga ndemanga yake, ndinathamangira kunyumba kwake. Chitseko chinali chotsegula, m'kati mosesedwa bwino, pa khoma patatsala misomali yokha. Oyandikana nawo anati anachoka Lachitatu, katundu atamanga pa njinga, kupita kwa achibale ku Changata. Ku ofesi sanabwere, chifukwa nayenso anauzidwa kuti za mu kompyuta sizibwerera. A manejala anavomera kuti abwerere, ndipo ndinatumiza uthenga kawiri. Yankho linabwera kudzera mwa mlamu wake, loti zikomo kwambiri a kalaliki, koma ndi msana wakewo katundu sangasenze kawiri.

Banja lomwe linalonjezedwa nyumba ya mayi aja linalowa m'nyumba ya bamboyo.